Tepi ya Tango Imene Anadula Bambo Aakulu

Ndikukumbukira bwino amene anandilakwira, ndipo sindizungulira: ndi a Gilibati, bambo anga aakulu, mkulu wawo wa bambo anga. Anandikoka khutu kunditulutsa m'vidiyo ya a Nyirenda dzuwa likuswa mtengo, msika wonse wa Nkhata Bay ukuona. Anadula tepi imene ndinkaonera, ndipo m'mawa mwake anakandiimika pamaso pa sukulu yonse n'kulengeza kuti ndine mwana woonera zolaula. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7. Chichokereni tsiku limenelo sindinapondenso m'kalasi. Anzanga amene tinakulira limodzi mbali imeneyi mukuidziwa, ena mwa inu munalipo, ndipo munaseka, musakane. Chimene simudziwa n'chakuti ine Yotamu ndinkafunamo chiyani m'vidiyo nthawi ya masamu. Ndinalumbira kuti sindidzaulula, koma amene ndinawalumbirirawo anatisiya kale, ndiye lero mumva.

Bambo anga tinkawaitana kuti ada, mayi anga ama, monga timachitira kwathu kuno. Ada anali telala. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde la sitolo ina kumtunda kwa msika, ndipo ukamachokera kudoko unkayamba kumva kulira kwa makinawo usanawaone eni ake. Ankasoka chilichonse, koma mtima wawo unali pa masuti a anthu ovina honala, gule wathu uja wa amuna ndi akazi otchena, wa zipewa ndi nsapato zonyezimira, kodiyoni ikulira pakati. Iwonso anali katswiri wa guleyo. Anali munthu wamtali, wowonda, wosita ngakhale kampango ka m'thumba ndi simbi ya makala. Nyumba yathu inali pamwamba pa chitunda, njira yake yoterera ndi dothi lofiira, koma ada ankafika pamsika nsapato zawo zilibe ndi kadontho komwe ka matope. Mpaka lero sindidziwa kuti ankaponda pati.

Tsiku lina m'mawa akulowetsa ulusi m'singano, dzanja linakana. Kenako anapendekeka n'kugwera pa mulu wa nsalu. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yakumanzere itafooka, pakamwa patapotoka pang'ono, mawu akutuluka ngati munthu wavwata chinangwa chotentha. Adokotala anauza ama mosabisa kuti munthuyu aziyenda tsiku lililonse, pang'onopang'ono, kupanda kutero mwendowo ugona mpaka kalekale. A Gilibati anabweretsa ndodo yosema bwino, yamutu wopindika. Ada anaiyang'ana, n'kuiponya kunsi kwa bedi ndi dzanja lawo labwinolo.

"Ine Manda, ndiyende ndi miyendo itatu?" anatero, akudzitchula ndi mfunda wawo.

Ama anayesa kuwagwira m'khwapa kuti aimirire. Ada anawakankha, amvekere, "Sindine thumba la ufa." Basi, anatembenuzira mpando kukhoma, kuti odutsa asawaone nkhope, n'kumakhala choncho kuyambira m'mawa. Makina anawabweretsa kunyumba, ama n'kuwafunditsa chitenje ngati maliro. Miyezi inapita. Ndikamawasambitsa mapazi ndinkaona ndi maso anga mwendo uja ukuchepa, ukusanduka ngati wa mwana.

Ine mtima wapachala ndinabadwa nawo, koma chaka chimenecho unafika poipa. Mnyamata wina anapotoza pakamwa kutsanzira ada, ndinamugwetsera m'ngalande n'kumukhalira pamsana. Kunyumba ndinkaopa kubwerera msanga, chifukwa mpando woyang'ana kukhoma uja unkandilanda mpweya. N'chifukwa chake ndinayamba kumazungulira pa vidiyo ya a Nyirenda.

A Nyirenda anali Mtumbuka wochokera kumtunda ku Mzuzu, wamfupi, wokonda kuseka. Vidiyo yawo inali chisakasa chamalata kuseri kwa ogulitsa kaunjika, mazenera otseka ndi mapepala akuda, mabenchi asanu ndi limodzi, m'katimo fungo la thukuta, usipa ndi fumbi lotentha la wailesi ya kanema. Panja pankakhala sipika yaikulu ndi bolodi lolembapo mafilimu a tsikulo. Zinali zaka zija foni ya m'manja inali ya mabwana okha, ndipo matepi anali asanatheretu, madisiki akungoyamba kumene kufika. Anthu ankafuna karate, mfuti ndi mpira, basi.

Mzungu wina wamkazi amene anatsika m'sitima n'kudwala malungo kwa milungu ingapo anasiyira a Nyirenda matepi atatu ponyamuka, powathokoza kuti anamukonzera kawailesi kake. Zolemba zake zinali m'chinenero chimene palibe akanawerenga, ngakhale aphunzitsi. Pachikuto cha imodzi panali munthu wachipewa chakuda, nkhope yolusa ngati wabwera kudzapha wina. A Nyirenda, osayamba aonera, analemba pabolodi ndi choko kuti NKHONDO YA ZIGAWENGA, KUMENYANA KOOPSA. Loweruka masana chisakasa chinadzaza, anyamata onyamula katundu kudoko atakhala kutsogolo. Wachipewa uja anatulukira, akuyenda pang'onopang'ono kulunjika kwa mkazi wina.

"Amumenya tsopano! Taonani maso akewo!"

Anafika, namugwira m'chiuno. Tonse tinasiya kupuma. Kenako anayamba kuvina.

"A Nyirenda, tichotsereni zaukwatizi!"

"Dikirani, ŵadada, mfuti ikubwera kutsogoloku," anatero a Nyirenda, thukuta lili kamukamu.

Mfuti sinabwere. Anthu anatuluka akutukwana, wina anafufuta bolodi lija ndi malovu. Ine ndinatsala ndekha, chifukwa kunja kunkagwa mvula ndipo kunyumba kunali mpando uja. A Nyirenda anayesa matepi enawo kuti mwina nkhondo ili m'menemo. Yoyamba ija inali ya anyamata ndi atsikana ovina pansanja, miyendo ikuthethana ngati sizasi. Yachiwiri inali nkhani yachikondi, kulankhula kwambiri ndi kulira. Yachitatu inalibe ndi chikuto chomwe, ndipo ndi imeneyo inandigwira.

Munali holo yakale, matebulo m'mbali, ndipo anthu ake onse anali nkhalamba. Pakona panali mdala wina ataika pabondo chinthu chonga kodiyoni yathu ya honala, koma yaing'ono, ndipo akaikoka inkapuma ngati munthu amene wangotha kulira. Ndiye analowa mdala wina wovala suti, akukoka mwendo umodzi, ndodo ili m'manja. Anakoleka ndodoyo pampando. Anayang'ana mayi wina wonenepa, waimvi, amene anakhala tsidya lina la holo, n'kungogwedeza mutu pang'ono. Mayiyo ananyamuka. Anagundanitsa zifuwa, mayi n'kutsinzina, mdala n'kuponya phazi kutsogolo, mayi akubwerera chafutambuyo. Phazi lina. Kenako anaima, nyimbo ili m'kati, osachita manyazi, ngati akumvetsera chinachake pansi pa nthaka. Kenako phazi linanso. Sankadumpha, sankagwedeza chiuno. Ankangoyenda. Ndipo ngakhale uyang'anitsitse bwanji sukanadziwa kuti wagwira mnzake ndani, wagwiridwa ndani.

A Nyirenda anati mzungu uja ankautchula gulewu kuti tango, ndipo kwawo kwake ndi ku Ajentina, dziko limene ife tinkalidziwa ndi mpira wokha. Ndinawapempha kuti abweze tepiyo. Anabweza kawiri.

Kunyumba ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wa ada n'kuyamba kufotokoza, ndikulankhula ndi msana wawo. Ndinanena za holo, za kodiyoni yaing'ono, za mdala wokoleka ndodo. Sanatembenuke. Ndinaganiza kuti ndataya mawu pachabe. Ndikunyamuka ndinamva mawu awo olemera aja.

"Masuti ake ngotani?"

Ndinafotokoza momwe ndikanathera, mapewa otambalala, kolala yaitali.

"Mabatani angati?"

Sindinadziwe.

"Mwana wa telala iwe? Ukaonenso."

Vuto linali lakuti a Nyirenda sakanaika tepi imeneyo masana kapena Loweruka, anthu akanawagwetsera chisakasa. Nthawi yokha imene ankalola inali m'mawa cha m'ma teni, mabenchi ali opanda munthu, iwo akusesa. Choncho belu la buleki likalira ndinkadutsa kuseri kwa zimbudzi, kutsetsereka m'munda wa chinangwa, mpaka pamsika. Ama ankagulitsa mandasi kudoko, ankayesa ndili m'kalasi. Ada sanafunse kuti ndimaonera nthawi yanji, ndipo ine sindinanene. Pamenepo ndiye panali kulakwa kwanga, ndikuvomera. Koma ndinkayang'ana mapazi a mdala uja kuposa mmene ndinayang'anirapo bolodi la m'kalasi: poyambira, pamene ankasamutsira thupi, mmene mwendo wolemala ankaukwekwesera pansi mwadala mpaka kukoka mwendoko kumaoneka ngati luso.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kamalo kamodzi kokha kosalala, pamene ama ankayanika chinangwa chovuula cha kondowole. Tinkachotsa mphasa, fungo lowawasa lija lili m'mphuno, nkhuku zikutiyang'ana cham'mbali. Tsiku loyamba ndinavina ndi ama kuti ada aone ali pampando. Ama anali aafupi, ojintcha, oseka msanga.

"Mwana iwe, ukuti ndiyende chafutambuyo? Ndili ndi maso kunkhongo ine?"

Anandiponda katatu, n'kuseka mpaka kukhala pansi. Nditatembenuka ndinaona mbali yabwino ya pakamwa pa ada ikunjenjemera. Anali akuseka, koyamba chidwalireni.

"Mukuononga gule wa eni ake," anatero, n'kutembenukira kwa ama. "Nyachirwa, tanditengerani jekete. Ndi chipewa."

Sakanavina atavala malaya okha, ngakhale oonerera anali nkhuku. Tinawaveka, tinawaimiritsa. Dzanja lofooka lija ndinaliika paphewa pa ama, lamanja linagwira dzanja lawo. Chipumi cha ama chinafika ndendende pa thumba la jekete. Ine ndinatenga beseni n'kumaligogoda ndi zala, ndikuimba nyimbo ya kodiyoni ija ndi mphuno. Ada anaponya phazi labwino. Ama anabwerera. Kenako tonse tinadikira mwendo wamanzere. Unanjenjemera, unakwekwesa dothi, unafika. Tsiku limenelo anayenda mapazi atatu, jekete inanyowa kumsana, ndipo atafuna kugwa ndinakuwa kuti, "Imani pomwepo, ada, mdala uja amaimanso! Kuima nakonso ndi gule!" Anaima atatsamira pa ama, maso ali patali ngati katswiri amene akudikira nyimbo. Palibe akananena kuti atopa.

Atakhala pansi anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Izi zithere kuseri kuno. Asamve munthu, makamaka akulu anga. Akamva kuti Manda akuphunzira kuyenda ngati khanda, atakumbatira amako dzuwa likuswa mtengo, ndithera pati? Lumbira."

Ndinalumbira. Iwonso anandilonjeza chawo: "Tsiku ndidzatsike chitunda ichi ndi miyendo yangayi, udzandiperekeze kwa Nyirenda ndikamuone mdala wakoyo. Ndikawerenge ndekha mabatani."

Kuyambira pamenepo masana alionse ama akabwerako kudoko tinkachotsa mphasa. Mapazi atatu anakhala asanu ndi awiri. Kenako kuchokera pa thandala loyanikapo chinangwa mpaka pamtengo wa mango. Ama anasiya kuseka, anayamba kutsinzina ngati mayi wa m'filimu uja, ngakhale sanamuonepo. Nthawi zina ndinkachita manyazi kuwayang'ana, ndinkangoyang'ana beseni langa.

A Gilibati sanali munthu woipa mtima, ndinene chilungamo. Ankatibweretsera nsomba ada ali chigonere. Koma anali mkulu wa mpingo, analinso wapampando wa komiti ya sukulu, ndipo ankakhulupirira kuti mwana amawongoka ndi manyazi monga chitsulo chimawongokera pamoto. Wina anawatsina khutu kuti mwana wa mng'ono wanu amathawa sukulu kukaonera azungu akugwiranagwirana. Tsiku limenelo ndili m'vidiyo muja chinsalu cha pakhomo chinatseguka, kuwala kunalowa, ndipo pa kanema panali mdala uja ndi mayi wake, masaya atagundana, maso ali otsinzina.

"Mpaka nkhalamba zomwe!" anakuwa a Gilibati. "Nyirenda, ukuonetsa ana zimenezi?"

"Dada, pepani, ndi magule chabe, anthu avala bwinobwino..."

A Gilibati anadinadina mabatani onse mpaka tepi inatuluka. Anaitsegula ndi chala, n'kuyamba kusolola kalamba kakuda kaja, kukulunga padzanja ngati akusolola matumbo a nkhuku, kenako n'kudula. Phokoso lake linali laling'ono kwambiri, ngati ulusi ukaduka pa makina. Khutu anandikoka pambuyo pake, koma sindinalimve kuwawa. Njira yonse ya mumsika ankandifunsa funso limodzi: "Umafunamo chiyani m'menemo? Yankha! Umafunamo chiyani?" Yankho linali pakamwa penipeni. Ndikanangoti n'za ada, akanandisiya. Ndinaluma mlomo mpaka magazi.

M'mawa mwake pa asembule anandiimika pachitsa. Analankhula nthawi yaitali za ana otayika. Kenako anatenga tsache lamtengo wautali la mu ofesi n'kundipatsa.

"Nayu mkazi wako. Tavina tione zimene wakhala ukuphunzira."

Sukulu yonse inafa ndi phwete. Ndinaona mano okhaokha, mizere ndi mizere. M'mutu mwanga munachita mdima. Ndinathyola tsachelo pabondo, chidutswa chimodzi ndinachiponya ndi mphamvu zanga zonse, chinakamenya chitsulo chimene chinkapachikidwa pamtengo ngati belu. Chinalira ngati nthawi yoweruka, ndipo ine ndinawerukadi. Aphunzitsi aakulu anatumiza uthenga kuti ndikakumba dzenje la zinyalala n'kupepesa ndibwerera. Ndinayankha kuti akumbe a Gilibati.

Ada atamva, misozi inatsika mbali imodzi yokha ya nkhope. Anati, "Ndiwauza, akabwera ndiwauza zonse." A Gilibati anabweradi tsiku lomwelo kudzapereka lipoti. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndikudikira. Analankhula, analankhula, ada ali duu, akuyang'ana nsapato zawo. Pomaliza ada anangoti, "Ndamva, akulu." Mawu awiri okha.

Ndinawakwiyira ada kuposa mmene ndinakwiyira a Gilibati. Sabata yathunthu sindinagwire beseni, sindinawasambitse mapazi, ndinkadya nditafulatira. Ndinkapita kudoko kukathandiza kukoka mabwato kuti ndisawaone. Podutsa pamsika ndinkaona zidutswa za tepi ija zitakodwa pampanda zikunyezimira, ana ena atamangirira ku timitengo akuthamanga nazo.

Tsiku lina masana ndikubwera ndinamva kuimba kuseri kwa nyumba. Ndinasuzumira. Ada anali mu jekete ndi chipewa, ama atawagwira, akuyesa okha. Koma ama nyimbo ya kodiyoni sankaidziwa, ndiye ankaimba nyimbo ya amayi a kutchalitchi, yothamanga, yoombera m'manja. Ada ankayesa kuithamangira, mwendo ukutsalira, onse awiri akupendekera ku thandala la chinangwa. Sindinaganize n'komwe. Ndinangopezeka ndalumpha.

"Si choncho! Mukufuna kuwapha? Pang'onopang'ono! Ama, inu mumadikira, musamawakoke!"

"Nanga woimba wathu anatinyanyala, titani?" anatero ama, osandiyang'ana.

Ndinatola beseni ndikadali wokwiya, ndipo nyimbo ya tsiku limenelo inatuluka ngati ya nkhondo. Koma podutsa pafupi nane, ali m'manja mwa ama, ada anagwedeza mutu pang'ono, ndendende ngati mdala wa m'filimu amene sanamuone.

Mvula inatha, dothi linauma, mango anayamba maluwa. Loweruka lina m'mawa ndinadzuka n'kupeza ada akupolisha nsapato ndi dzanja limodzi, nsapatoyo ataipana ndi mawondo. Anavala suti yawo yotuwa ya honala. Ama anavala chitenje chatsopano. Anatsika chitunda chija atakolana mikono, ada akuima pakapita mapazi angapo n'kumayang'ana uku ndi uku ngati bwana woyendera malo, ine ndili pambuyo manja ali okonzeka. Sanagwe. Pofika pamsika amayi ogulitsa nsomba anasiya malonda n'kuyamba nthungululu. Wina anakuwa kuti, "A Manda auka!" Ada anangokweza chipewa. Nsapato zinali zitachita fumbi lofiira mbali yamanzere, ndipo aka kanali koyamba kuona ada osasamala za fumbi.

Anapita molunjika kwa a Nyirenda. Ada ndinali nditawauza kale kuti tepi inadulidwa, koma ankaganiza kuti mwina anailumikiza. A Nyirenda anapukuta benchi yakutsogolo ndi malaya awo, n'kuika tepi yoyamba ija, ya achinyamata. Ada anaonera pang'ono miyendo ikuuluka.

"Awa ndi ana. Mdala uja ali kuti?"

A Nyirenda anazimitsa kanema n'kuyang'ana pansi. M'chisakasamo munkamveka malata akulira ndi dzuwa. Munthu watsika chitunda chonse chija, miyezi yonse ija, kudzaona galasi lakuda.

"Yotamu," anatero ada, "iwe unaonera kangati?"

"Kambirimbiri."

"Ndiye taima apo, utiuze."

Ndinaima kutsogolo kwa kanema wozimayo n'kuyamba. Holo, matebulo, nyali zofiirira. Ndinakoka mwendo, ndinakoleka ndodo yosaoneka pampando wosaoneka, ndinagwedeza mutu kwa mayi wa tsidya lina. A Nyirenda, amene nyimboyo inali itawalowa m'mutu posesa, anayamba kuiimba ndi mphuno kumbuyo kwathu. Ada anaonera mpaka kumapeto, dzanja lawo lili pabondo la ama. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Mabatani?"

"Awiri, ada."

"Ndinadziwa."

Patapita milungu ingapo ama anavundukula makina. Phazi lamanja linkapalasa, lamanzere likuthandizira pang'ono, ndipo kulira kuja kunabwerera m'nyumba. Chinthu choyamba chimene anasoka sichinali suti. Ndinachipeza pamphasa panga chitapindidwa bwino, chositidwa: kabudula wa yunifolomu ya sukulu, muyeso wanga ndendende, ngakhale sanandiyeze. Ndinadziwa kuti kumeneko ndiye kupepesa kwawo, ndiponso pempho lawo. Koma ndikaganiza za chitsa chija ndi mano aja, mtima unkawira. Sindinamuvale. Pamenepo a Gilibati palibepo, ndi ine ndi mtima wanga. Kabudulayo ndikadali naye pansi pa sutikesi, mizere ya simbi ikuonekabe.

Ada anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi akuyenda ndi miyendo yawo, ndipo ndodo ija sanaigwirepo. Pamaliro awo a Gilibati analankhula bwino, anati mng'ono wawo anadzuka chifukwa cha kulimba mtima ndi mapemphero. Sananame. Ine ndinali kumbuyo, zibakera zili m'thumba.

Masiku ano zinthu zinasintha. Chisakasa cha a Nyirenda ndi malo otchajira mafoni, iwo anabwerera kwawo ku Mzuzu. Mwana aliyense ali ndi vidiyo yake m'thumba, ndipo palibe amene angamukoke khutu pa zimene akuonera, chifukwa palibe akudziwa. Ine ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mazenera, ndipo magetsi akathima ndimakhala pa chitsulo n'kumasaka mafilimu a tango pafoni. Alipo ambiri, ena okongola zedi. Mukandifunsa kuti abwino ndi ati, ndikuuzani kuti a miyendo youluka muwasiye, amenewo ndi ofuna kuombedwa m'manja. Sakani a nkhalamba zovina m'holo zakale, momwe kodiyoni imapuma ndipo anthu amaima osachita manyazi. Koma ya mdala wokoleka ndodo ija sindinaipezenso. Dzina lake sindinalidziwe, inalibe chikuto.

Zaka zonsezi ndinali ndi mawu amene ndinawasungira a Gilibati. Ndinkawanola ndikamawotcherera, ndikamasamba, ndikamakwera chitunda. Anali mawu aukali, oti akadzawamva asadzagone. Tikakumana panjira ndinkapereka moni wa mano okha, n'kudziuza kuti tsiku lake silinafike.

Mwezi watha ama anabwera kuntchito kwanga, chinthu chimene sachita. Anaima patali ndi moto n'kudikira kuti ndivule magalasi.

"Bambo ako aakulu agwa. Matenda omwe aja, mbali yomwe ija. Atuluka kuchipatala, koma akukana kuyenda. Ndinawatumizira ndodo yawo ija, akuti aiponya pabwalo."

"Ndiye ine nditani?"

"Ine msana unatha, sindingagwirenso munthu. Amene ukudziwa ndiwe."

Ndinakana. Ndinakana masiku atatu. Lachinayi ndinapita, ndipo ndisaname, sindinapite kukathandiza. Ndinapita chifukwa ndinaona kuti tsiku la mawu anga aja lakwana, munthuyo sangathenso kundikoka khutu. Ndodo ndinaipezadi pabwalo, nkhuku itaimapo. Mwana wawo wamkazi anandilozera kuchipinda. Ndinalowa mawu ali okonzeka pa lilime.

Mpando anali atautembenuzira kukhoma. Ndinaona nkhongo yowonda, makutu otambalala pang'ono, phewa limodzi litagwa. Anali ada enieni, ngati wina wabweza tepi. Anatembenuza mutu movutikira, n'kundizindikira.

"Wabwera kudzaseka?" anatero, mawu akutuluka ngati munthu wavwata chinangwa chotentha.

Ndinafunafuna mawu anga aja, onse anali atathawa. Pamsomali kuseri kwa chitseko panali jekete yawo ya kutchalitchi, yosokedwa ndi ada, ndinaidziwa ndi kolala. Ndinaichotsa, ndinaikung'untha fumbi, ndinazungulira mpando mpaka ndinaima pakati pa iwo ndi khoma, kuti andiyang'ane m'maso.

"Bambo aakulu, tsiku lija munandifunsa njira yonse ya mumsika kuti ndinkafunamo chiyani m'vidiyo muja, ndipo sindinakuyankheni. Valani jeketeyi. Dzanja lofookalo muike paphewa langa apa. Ine ndiziyenda chafutambuyo, inu muzingobwera, ndipo mukatopa tiima, kuima nakonso ndi gule. Zolaula zija ndi zimenezi, ndi zimene zinatsitsa mng'ono wanu chitunda chija. Tiyeni, yambani ndi mwendo wabwinowo."